Matope a M'sitolo ya a Sebastiano

Madzi a Ruo atabwerera m'njira mwake chaka cha namondwe wa Freddy, anatisiyira mchenga. Mudzi wathu, womwe uli cha kufupi ndi Chiromo, unayera mbuu. Madimba anakwiririka, nyumba zambiri zinagwada, ndipo anthu tinabwerako ku kampu n'kuyamba kukhala m'zisakasa. Chimene chinatsala chili chiimire ndi sitolo ya a Sebastiano.

Sitoloyo ndi yakale kuposa munthu aliyense m'mudzimo. Anaimanga mmwenye wina sitima zapamadzi zikanafikabe pa Chiromo. A Sebastiano anabwera kuchokera ku Mozambique ali mnyamata n'kuyamba ntchito yoyeza mchere mmenemo, ndipo mwini wake pochoka anawasiyira makiyi. Makoma ake ndi ochindikala moti mwana akhoza kugona pazenera. Khonde lake ndi lalitali, la nsanamira za njerwa, ndipo mitanda ya denga ndi ya mivumo, yomwe chiswe chimangoinunkhiza n'kubwerera. Koma madzi analowamo. Atatuluka anasiya matope mpaka m'mazenera, kauntala yonse ili pansi pa nthaka.

Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira. Masana ndinkakhala pakhonde la sitoloyo n'kumaiona m'maganizo itapakidwa njereza, nsalu zili lende m'mashelufu, wailesi ikuimba. Ndipo kuseri kwa kauntala nthawi zonse ndinkaikako Anita, mdzukulu wa a Sebastiano, atamanga duku lake lachikasu. Iye sankadziwa kuti ndamulemba kale ntchito.

Tsiku lina pamjigo anandiuza akupopa madzi, osandiyang'ana n'komwe.

"Ababa akubwera ndi lole mvula isanayambe. Agwetsa sitolo, njerwa ndi malata akamangire chipinda ku Nchalo. Ine ndi Ayavu tikakhala komweko."

Ayavu ndi mmene ankatchulira agogo akewo. Bambo ake, a Thom, ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe.

"Sizingatheke," ndinatero. "Ndiikonza ine."

"Iwe Yamiko?" Anasiya kupopa. "Ndi manja olembera mayesowo? Tandisenza ndowayi kaye tione ngati uli ndi mphamvu."

Ndinamusenza, madzi ena n'kunditayikira pamalaya. Anaseka njira yonse.

A Sebastiano ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, chipewa chili kumaso. Chibwerereni ku kampu sanapondeko pasitolo yawo. Ndinagwada n'kuwauza kuti ndikufuna kuchotsa matope aja, kuti a Thom akadzafika adzapeze sitolo osati bwinja.

"Kumba, mphale, mnyamata iwe," anayankha chipewa chili pomwepo. "Matope alibe mwini. Ukatopa udzandipeze pompano, mphasayi ndi yaikulu."

Sindinayambe ndi kukumba. Mchenga wa pakhonde unali utakwera kwambiri moti ndikaimirirapo ndinkafikira pamwamba pa chitseko popanda makwerero. Ndinapempha penti wotsala kwa wokonza njinga, n'kulembanso dzina lomwe linali litafufutika: SEBASTIANO STORE, ndi zilembo zofiira zazikulu, duwa mbali ino duwa mbali inayo. Anita anafika n'kuima patali, manja m'chiuno.

"Zokongola zedi. Ndiye ogula azilowera pati, padenga?"

Mkatimo munalinso chimodzimodzi, mutu unkagunda mitanda. Ndinakhomeranso malata omwe mphepo inasasula, nditaponda pamatope omwewo. Kenako ndinatenga khasu, fosholo ndi wilibala yobwereka, n'kuyamba.

Pamwamba matopewo anali ataumbika ngati njerwa, koma ukangopyoza chikhakha chimenecho, pansi pake panali pakuda bii, ponyowa, ponunkhira ngati kudimba mvula itangogwa. Ankamata pakhasu. Ndinkatulutsira pazenera n'kukataya kuseri kwa sitolo. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, ena n'kutulukanso. Dzuwa la kwathu kuno likafika pamutu, malata ankandiwotcha msana ngati ndagona pachiwaya. Mwezi unatha ndangoboola ngodya imodzi, pansi osafika n'komwe. Ndikaponya maso kuona matope otsala, mtima unkandiuza kuti ndikapeze malo pamphasa ija.

Mmawa wina ndikukankha wilibala ndinapeza mai Evelesi atanjuta pamulu wanga wa matope. Mai Evelesi ndi amasiye, ndipo dimba lawo, lomwe linkadyetsa ana asanu, linali pansi pa mchenga wofika m'chiuno. Miyezi imeneyo ankangodalira nyika, mizu ya zomera za m'madzi yokumba m'madambo. Pamulupo panali patamera maungu okhaokha, masamba aakulu obiriwira, oti m'mudzi monse munalibe.

"Wadzala ndiwe?"

"Ayi mai, angomera okha."

Anatapa dothilo, analifinya m'manja, analinunkhiza.

"Mwana iwe, ukutaya chakudya! Awa ndi makande enieni. Madzi othamanga anatitayira mchenga, koma muno madzi anaima phee, n'chifukwa chake nthaka yabwino inakhazikika. Ndikakumba maenje mumchenga muja, n'kuthiramo izi, chimanga chituluka. Ndingatapeko?"

"Tapani zonse, mai. Mundithandiza."

Anapita ndi beseni limodzi. Madzulo anabwera ndi achemwali awo. Mmawa mwake ndinapeza amayi ali mbwee pazenera, mabeseni, ndowa, matumba a feteleza, wina mpaka bafa losambitsira mwana. Ena anali atalowa kale mkati ndi makasu awo. Ine ndinangoima pambali, mtima ukuvina, chifukwa matope amene anandigonjetsa mwezi wathunthu ankatsika ndikuona.

Ndiye kunabwera a Gabriel ndi ngolo ya ng'ombe. A Gabriel munda wawo unali kumtunda m'mbali mwa Ruo, ndipo madzi anaudya theka.

"Aliyense atule!" anakuwa ali pangolo. "Dothi limeneli ndi langa. Linachoka kumunda kwanga madzi aja, ine ndikuona ndi maso angawa."

"Munalilemba dzina?" anafunsa mai Evelesi.

"Ndikulidziwa! Ndalilima kuyambira ndili mwana. Taonani kuda kwakeko."

"Ndiye mchenga uli m'dimba mwanga ndi wa yani? Ngati ndi wanunso, bwerani mudzatenge, ngolo muli nayo."

Amayi anaseka, koma a Gabriel anatsika n'kuimika ngolo mopingasa pazenera. Wina anakoka chingwe cha ng'ombe, wina anakankha mnzake, beseni linagwa. Ine ndinayesa kulankhula koma palibe anandimva. Anita anathamangira ku mtengo wa nimu.

Phokosolo linazilala lokha. Nditatembenuka ndinaona a Sebastiano akubwera ndi ndodo yawo, chipewa chili kumutu tsopano, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi. Anayang'ana dzina lofiira lija kanthawi, kenako anayang'ana khamulo.

"Gabriel, katundu ali m'sitolo ndi wa yani?"

"Koma madala, dothili..."

"Nkhabe, ayi! Ndafunsa, katundu ali m'sitolo ndi wa yani?"

"Ndi wa mwini sitolo."

"Pyadidi, wayankha bwino. Mchere ndinkagulitsa muno unkachokera kunyanja ya mchere, koma nyanjayo sinabwerepo kudzaulanda." Anagogoda ndodo pansanamira. "Ndipo chiyambire, munthu sanatulukepo muno ndi katundu osasiya kanthu. Sitolo yatsegulidwa. Imani pamzere."

"Ayavu, anthu alibe kanthu m'manja," anatero Anita chapansipansi.

"Ali nako. Makomawa akufuna pulasitala, pulasitala ikufuna mchenga. Beseni la mchenga wa m'dimba mwako kulowa, beseni la matope kutuluka. Gabriel, iwe ngolo ya mchenga, ngolo ya matope. Takhuta, zikomo."

Mai Evelesi anaomba m'manja n'kululutira. Ngakhale a Gabriel anaseka, akupukusa mutu, n'kutembenuza ng'ombe zawo.

Kuyambira tsiku limenelo njira ya kudimba sinazizire. Amayi ankabwera atasenza zoyera n'kubwerera atasenza zakuda. A Sebastiano anaika mpando pakhonde, ndipo beseni likabwera losadzaza ankalibweza. "Ichi n'chiyani, Juliana, ndiwo za mwana? Kadzaze." Mulu wa mchenga utakula kuposa zosowa zathu, anasintha mtengo. Anati tsopano akufuna njerwa zathunthu zotola m'mabwinja, misomali yakale yowongola, matabwa omwe madzi anabweretsa. Bambo wina wopala matabwa analipira ndi ntchito, anakonza mafelemu a mazenera kuti mkazi wake atape sabata yonse.

Ine ndinali kapitawo wa mkati. Ndinkauza anthu pokumba, kuti asagunde khoma, ndipo chilichonse chotuluka m'matopemo chinkadzera m'manja mwanga: sikelo yachitsulo, mabotolo, lumo lodulira nsalu. Kauntala itaonekera, ya mlombwa, yosawola ngakhale pang'ono, ndinaipukuta ndi malaya anga. Anita ankatibweretsera madzi akumwa.

"Bwana kapitawo, imwani, mungatifere. Mwada ngati mphika."

"Ukadzaima kuseri kwa kauntala iyi udzandithokoza."

"Ndani wakuuza kuti ndidzaima kuseri? Mwina ndidzakhala pampando, iwe uzidzayeza mchere."

Mawu akuti "iwe uzidzayeza" ndinayenda nawo tsiku lonse.

Khasu la mai Evelesi ndi lomwe linayamba kulira ngwee pasimenti. Tinapalapala ndi manja, ndipo pansi panaoneka, pofiira, posalala, monga ankanenera amayi anga kuti kale munthu unkadziona nkhope. Tinakolopa chipinda chonse. A Sebastiano analowa atavula nsapato, anayenda kuchoka pakhomo mpaka pakauntala, n'kuika manja onse awiri pathabwa. Ine ndinkangoona kale polishi, nyali, ndi Anita akudutsa pofiirapo chidendene chikuwala.

Lole inafika kutentha kutafika pachimake, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a Thyolo. Inazungulira msewu wa ku Thabwa, ndipo inafika yofiira ndi fumbi. A Thom anatsika ndi anyamata aganyu atanyamula nyundo ndi migwala, zitsulo zazitali zokanulira njerwa. Anaima pamsewu. Patsogolo pawo panali mulu wa mchenga, njerwa zosanjidwa bwino, mazenera atsopano, ndi amayi akupala matope otsiriza a m'chipinda chosungira katundu.

"Baba, chikuchitika n'chiyani pano?"

"Malonda," anayankha a Sebastiano ali pampando wawo. "Wafika mochedwa, katundu watsala pang'ono kutha."

A Thom sanaseke. Analowa mkati, ife tikuwatsatira. Anayang'ana pansi pofiira paja, kenako anakweza maso n'kuloza mzere wakuda umene madzi anasiya pakhoma, pamwamba pa mazenera.

"Mukuuona uwo? Ine ndinali ku Nchalo, foni yanu yosagwira, ndikumva pawailesi kuti Chiromo yamira. Ndinkafunsa aliyense wotsika m'boti ngati waona bambo anga ndi mwana wanga. Mukufuna ndidzabwerezenso zimenezo?"

Zimene ankanena zinali zoona, ndipo tonse tinkadziwa.

"Unatipeza kuti?" anafunsa a Sebastiano.

"Pamwamba pa denga ili."

"Tinali angati?"

"Sindinawerenge, Baba."

"Ine ndinalipo," anatero mai Evelesi ali pakhomo, beseni lili pamutu. "Ndi ana anga onse. A Gabriel analipo, ndi mbuzi yawo yomwe. Achimwene, nyumba zathu zinasungunuka ngati shuga. Mukagwetsa iyi, madzi akadzabweranso tidzakwera pati?"

"Boma likuti musamukire kumtunda."

"Kumtunda tikagona, inde. Koma dimba silisamuka. Tsikirani kumtsinje mukaone chimanga chamera m'matope a bambo anu."

A Thom anapukuta thukuta. Anatuluka, anazungulira nyumba yonse akumenya makoma ndi chikhatho, akuyang'ana maziko. Aganyu aja anakhala pamthunzi kudikira. Ndinkafuna kulankhula mawu aakulu omwe ndinakonza masiku onse aja, koma Anita anandiponda chala.

Atabwerera anaima pamaso pa bambo awo.

"Chabwino. Sindigwetsa. Koma mumve zanga. Mvula ikayamba kukula, inu mukubwera ku Nchalo, palibe kukambirana, mudzabwerere madzi akatsika. Chachiwiri, pansi apa pakwere. Madzi aakulu sitingawaletse, koma aja a chaka ndi chaka asamalowenso. Tithira zidutswa za njerwa ndi mchenga uli panjawu mpaka m'mawondo, simenti yatsopano pamwamba. Denga ndi lalitali, malo alipo."

"Mukwirire pofiirapa?" Mawu anandipulumuka. "Bambo, takumba miyezi yonseyi kuti paoneke!"

A Thom ananditembenukira koyamba.

"Uyu ndiye ndani?"

"Ndi Yamiko, mwana wa a Raphael," anatero Anita. "Ndi amene anayamba kukumba, yekha."

"Ndi amenenso analemba maluwa pakhomopo?"

"Eya, bambo."

"Ndinadziwa. Maluwa amenewo sanalembere bambo anga."

Amayi pakhomo anaphulika kuseka. Anita anathawira kuseri kwa kauntala n'kumakonza sikelo yomwe sinkafuna kukonzedwa. Ine nkhope inatentha kuposa malata.

A Sebastiano anayang'ana pansi pawo nthawi yaitali. Anapakhudza ndi chala cha kuphazi.

"Ndapaona, ndapaponda. Zakwana. Kwirirani. Koma mwana wanga, simenti ya pamwambayo ikhale yofiira."

"Ikhala yofiira, Baba."

"Ndipo Anita atsala nane. Sitolo sikhala yopanda maso."

"Miyezi ya chilimwe yokha," anatero a Thom, akundiyang'ana ine. "Ndipo azakhali ake ali pafupi, ndi maso awonso."

Anatuma dalaivala kuti mawa lake akatenge simenti ndi njereza m'malo mwa njerwa zomwe anabwera kudzatenga. Aganyu anawauza kuti ntchito yasintha, atenge mafosholo. Mai Evelesi anatula beseni lawo n'kuyamba nyimbo, amayi ena akuvomera, ndipo mchenga umene unakwirira madimba athu unayamba kulowa m'sitolo, beseni ndi beseni. Ndinaima pakhomo kuonerera kufiira kuja kukuchepa, mpaka a Thom anandigwira paphewa.

"Ukuima ngati mlendo bwanji? Pansi pakakwera, chitseko ichi chifupika, a Gabriel aziguguda mutu. Felemu yonse iyenera kukwera." Anatenga mgwala kwa waganyu wina n'kundiika m'manja. "Uyambe mbali iyi, pang'onopang'ono, thabwa lisang'ambike. Ukudziwa kudekha?"

"Ayi, sadziwa," anayankha Anita ali mkati.

"Aphunzira. Gwira apa, mphale. Ine ndigwira uku."

Ndinalowetsa chitsulocho pakati pa thabwa ndi njerwa, ndipo tinakanula pamodzi.